Tinkafuna Loya M'banja Muno

1. Nkhani ziwiri m'nyumba imodzi

Chaka chimene Tsungai Mazarura analemba mayeso a Fomu 6, m'nyumba mwawo ku Mkoba munalowa nkhani ziwiri. Ina ankauza aliyense wodutsa pamsewu. Ina ankainong'ona atatseka chitseko.

Yoyamba inali yakuti Tsungai wakhoza kuposa ana onse pasukulu yake. Amayi ake, amene tonse timawaitana kuti Mai Kudzanai, analuluta mpaka mawu kusasa.

Yachiwiri inali ya Kudzanai mwini wake, mchimwene wake wa Tsungai. Kudzanai ankasuta mutoriro, mankhwala aja onga tizidutswa ta galasi amene akutha anyamata athu. Tsiku lina m'mawa anapita pasiteji ya makombi, maminibasi athu aja, n'kumenya ndi chitsulo m'mutu mtsikana wogulitsa maputi, chimanga chokazinga chija, ndi nthochi, dzina lake Sekai. Anamulanda foni n'kuthawa.

Sekai sanafe. Koma kuchokera tsikulo dzanja lake lamanja linauma, mwendo amachita kukoka, ndipo mawu amatuluka limodzilimodzi movutikira.

Kudzanai anali m'ndende kudikira mlandu. Kutchalitchi Mai Kudzanai ankati mwana wawo ali ku Joni, ngakhale Mkoba yense ankadziwa kumene ali.

Loya wake anauza khoti kuti mnyamatayo mutu wake sukuyenda bwino. Khoti linalamula kuti ayambe wapimidwa ndi akatswiri a matenda a maganizo. Koma akatswiriwo ndi owerengeka, ndipo odikira ndi ambiri. Mvula inagwa, chimanga chinacha, chinakololedwa, Kudzanai akadali pamzere.

Tsungai ndiye ankamupititsira buledi ndi sopo. Kumeneko ankaona amuna ena akulankhula ndi khoma, ena atangoti duu ngati zitsa. Msilikali wina wa ndende anamuuza kuti ambiri mwa iwo sanaweruzidwe, akudikira wowapima. Tsungai anakafunsa aphunzitsi ake ngati pali maphunziro a ntchito imeneyo. Anamuuza kuti alipo. Sanauze munthu aliyense kunyumba.

2. Tonse tikaimbe nyimbo imodzi

Lamulungu masana galimoto ya a Babamukuru inaima pageti. Iwowa anali mkulu wawo wa malemu bambo a Tsungai. Anali ndi makombi angapo, ndipo ndiwo ankalipira sukulu ya Tsungai chimwalirireni bambo ake. Anabwera ndi mlongo wawo, a Tete Ruramai.

"Iwe Tsungai, zimitsa wailesiyo ukhale pansi," anatero a Babamukuru. "Nthawi ya Kudzanai yakwana, mawa iwe ndi amako mukukaonana ndi mayi wopima mitu. Tonse tikaimbe nyimbo imodzi. Kudzanai anagwa mumtengo wa mango ali mwana, anamenyetsa mutu pamwala. Chiyambire pamenepo sanakhalenso bwino. Tsiku limene anamenya mtsikanayo anadzuka akubwebweta, osazindikira ngakhale amake. Za mutoriro usatchule. Wamva?"

"Koma Mukoma Kudzanai sanagwepo mumtengo, Babamukuru."

"Unali utabadwa iwe? Unaima pansi pa mtengowo?"

Tsungai anayang'ana amayi ake. Iwo anali kuyang'ana pansi, akupotokola nsonga ya nsalu yawo.

"Loya wanena kuti akapezeka wodwala apita kuchipatala," anapitiriza a Babamukuru. "Akapezeka wamoyo bwinobwino, adzatuluka m'ndende imvi zili mbuu. Tamaliza imeneyo. Nanga zakuyunivesite? Akutseka kulembetsa mawa. Walemba zamalamulo monga ndinanenera?"

"Sindinalembe. Ndikufuna saikoloje."

"Saiko chiyani?"

"Maphunziro a maganizo a munthu. Ndikufuna kudzagwira ntchito yopima anthu oimbidwa milandu, kuti khoti lizidziwa ngati akudwala kapena ayi."

A Babamukuru anaseka mpaka kutsokomola. "Mwamva, Mai Kudzanai? Wina walowa m'ndende ndi chitsulo, wina akufuna kulowamo ndi digiri!"

A Tete Ruramai sanaseke. Anakoka mpando wawo kufupi ndi Tsungai, n'kumugwira bondo.

"Mwana wa mlongo wanga, tsegula makutu. Galu wamkota sakandira pachabe. Munthu akakhalitsa pa utsi, zovala zake zimanunkha utsi. Ukamacheza ndi amisala kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, Loweruka udzayamba kuseka wekha. Pano anthu ayamba kale kunena kuti kwa Mazarura kuli mzimu wokwiya. Ukasankha ntchito imeneyo, wawapatsa umboni. Adzati, mwaona, mchimwene wapenga, mlongo naye watsatira fungo. Ndi banja liti lidzabwere ndi ng'ombe kudzalowola mkazi amene amaswera ndi zigawenga m'chipinda chotseka? Amayi akowa anagulitsa tomato padzuwa mpaka khungu kuda ngati mphika, kuti iwe udzavale mkanjo wakuda, anthu azikudzukira pampando. Loya amayenda pagalimoto. Loya akalowa m'nyumba, apolisi amagogoda asanalowe. Bambo ako akanakhala moyo, mawu amenewa sukanawatulutsa. Ndipo za mawazo ndikuuziretu: chibale ndi fupa, sichiola. Mtsikana wa eni ake anavulala kale, chilungamo chako sichimudzutsira dzanja. Koma bodza laling'ono likhoza kukubwezera mchimwene wako. Iwe sankha kuti ndiwe mwana wa yani."

A Babamukuru anaimirira, makiyi ali m'manja.

"Zamalamulo ndilipira, mabuku ndi malo ogona omwe. Zamisalazo akalipire amisala anzako."

3. Pabenchi

M'mawa mwake Tsungai ndi amayi ake anakwera kombi kupita m'tauni. Ofesi ya katswiriyo inali kuseri kwa nyumba ya khoti, kumapeto kwa khonde lalitali. Mai Kudzanai ndiwo anayamba kuitanidwa. Tsungai anatsala pabenchi.

Posakhalitsa panabwera mayi wina wowonda, atavala duku lakuda, n'kukhala kumapeto kwa benchilo. Tsungai anawazindikira. Anali amayi ake a Sekai. Ankabwera kukhoti pafupipafupi kudzafunsa tsiku la mlandu.

Tsungai anawomba m'manja mwaulemu. "Mwadzuka bwanji, Amayi?"

Mai Sekai anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Ndiwe Tsungai, eti? Unkaimba kwaya ndi Sekai kupulayimale."

"Ndine, Amayi. Kaya Sekai ali bwanji?"

"Ali monga anamusiyira mchimwene wako. Ndamva kuti wakhoza. Ukaphunzira chiyani?"

Tsungai akanatha kungoti sakudziwa. Koma anayankha zoona, kuti akufuna kuphunzira ntchito yopima maganizo a anthu oimbidwa milandu.

"Ohoo," anatero Mai Sekai, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mwaikonza bwino bizinesi ya banja. Mchimwene aziswa mitu, mlongo azilemba kuti sanadziwe."

"Si choncho, Amayi."

"Nanga ndi chotani? Tamvera, mwanawe. Sekai ndimamusambitsa ine. Ndimamudyetsa ndi supuni, mtsikana wa msinkhu wako. Mnyamata amene ankati amukwatira anabwera kuchipatala kamodzi, sanabwerenso. Tebulo lake pasiteji pano pakugulitsa wina. Boma likusaka madokotala oti apime mutu wa womenya. Nanga mutu wa womenyedwa, waupima ndani? Ndani wandifunsa ine ngati ndimagona? Inu ophunzira muli ndi dzina lachizungu la choipa chilichonse. Wakuba mumati akudwala, wakupha mumati akudwala. Ife osaphunzira timangoti ndi wakuba, ndi wakupha. Pita ukaphunzire. Ukadzamaliza udzandipime inenso, chifukwa ndatsala pang'ono kupenga."

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, Mai Kudzanai n'kutuluka. Ataona Mai Sekai anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Lowa," ananong'oneza mwana wawo. "Usaiwale mtengo."

4. Mai Gwatidzo

Katswiriyo anali mayi wamfupi wa imvi, dzina lake Mai Gwatidzo. Patebulo pake panali mapepala ambirimbiri ndi kapu ya tiyi wozizira kale.

"Khala pansi, mwanangu. Amayi ako andiuza za mtengo wa mango. Mtengo umenewu ndi wotchuka. Theka la anyamata amene ndimapima anagwa mumtengo womwewo." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Ndikuchenjeze tisanayambe. Zimene undiuze sizithera muno. Ndidzazilemba, ndipo khoti lidzaziwerenga. Sindikukakamiza. Ukafuna kutuluka, chitseko ndi icho."

Tsungai anayang'ana chitsekocho. Kenaka anayamba kulankhula.

Anati Kudzanai sanagwepo mumtengo. Anali mnyamata wanzeru, wokonza mawailesi ndi mafoni a anthu, mpaka pamene anayamba mutoriro. Anagulitsa mbaula ya amayi ake, kenaka nsapato za Tsungai zakusukulu.

"Nanga m'mawa wa tsikulo unali kuti?"

"Ndinali kusesa pabwalo. Ndinamuona akukulunga chitsulo mujekete. Anandiuza kuti ndikauza Amayi andiswa. Atabwerako anachapa malaya ake, chonsecho sanachapepo chovala chibadwire. Foniyo anaibisa padenga la chimbudzi."

Mai Gwatidzo analemba osadzutsa mutu. "Chinanso?"

"Chilipo. Milungu ingapo izi zisanachitike, sankagona. Ankati wailesi ikutchula dzina lake. Anamata mazenera a chipinda chake ndi nyuzipepala. Tsiku lina ndinamupeza akulira kuseri kwa nyumba, akuti anthu ali m'denga akumuuza zochita. Zimenezi sindikupeka, Mai. Zonse ziwiri ndinaziona ndi maso anga."

"Ndakumva."

"Ndiye mukalemba kuti chiyani? Akudwala kapena ayi?"

"Sindinadziwebe. Ndionana nayenso mwini wake, ndimve kwa madokotala, ndimve kwa ena. Ndipo woweruza si ine."

Tsungai anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. "Ine ndikufuna kudzagwira ntchito yanuyi. Lero ndi tsiku lomaliza kutumiza dzina kuyunivesite."

Mai Gwatidzo anaika cholembera pansi.

"Ndiye umve kwa ine, usadzati sanandiuze. Ngati ukufuna ntchitoyi kuti upulumutse mchimwene wako, wachedwa. Mlandu wake udzatha iwe usanamalize chaka choyamba. Ndiponso palibe amene angakulole kupima m'bale wako. Njira yake ndi yaitali. Wofuna kupereka mankhwala kwa odwala maganizo amayamba waphunzira udokotala. Ya ine ndi ina: digiri yoyamba, yachiwiri, kenaka zaka zogwira ntchito pansi pa akuluakulu, anzako akumanga nyumba iwe ukukwerabe kombi. Malipiro ake taona nsapato zangazi. Amene ndinaphunzira nawo ambiri anapita kunja. Koma chowawa si chimenecho. Ntchitoyi ilibe mbali. Loya ali ndi munthu wake, wapolisi ali ndi munthu wake. Iwe sudzakhala ndi munthu. Tsiku lina udzalemba kuti uyu ankadziwa chimene akuchita, amake adzakulavulira pakhonde apo. Sabata yomweyo udzalemba kuti uyu akudwaladi, amake a wophedwa adzakulavuliranso pamalo omwewo. Ine zonse ziwiri zinandichitikira. Udzamva zinthu zimene sungakambe kunyumba pa chakudya. Ndipo nthawi zina udzalakwitsa, munthu n'kuvutika chifukwa cha dzanja lako. Ngati ukufuna kuti anthu azikukonda, kaphunzire zina."

"Nanga inu simunasiye bwanji?"

"Kundende kuja kuli bambo wina amene anagwidwa atatenga mbuzi ya eni, akuti ndi mkazi wake amene anamwalira. Akanaweruzidwa msanga, bwenzi atatuluka kalekale. Akudikirabe ine. Pambuyo pake pali ena. Ndikasiya, adzafera pamzere." Anavalanso magalasi. "Pita, mwanangu. Uitane wotsatira."

5. Pamasitepe ndi pageti

Mai Kudzanai ankadikira pamasitepe akunja.

"Wanena za mtengo?"

"Ayi, Amayi."

"Nanga wanena chiyani?"

"Zonse. Za mutoriro, za chitsulo, za malaya, za foni. Ndanenanso za wailesi ndi anthu a m'denga."

Mai Kudzanai anagwira chitsulo cha masitepe. Kenaka anakuwa, osasamala anthu amene ankatuluka m'khoti.

"Za chitsulo! Wakauza boma kuti mchimwene wako anakulunga chitsulo mujekete! Anakubereka kumsana uja, ankakuperekeza kusukulu agalu akakuthamangitsa! Ndinabereka ana awiri ine. Lero ndilibe ndi mmodzi yemwe."

Anthu anaima kuonerera. Pakati pawo panali Mai Sekai. Mai Kudzanai anatsika masitepe n'kukakwera kombi okha, osacheuka.

Tsungai anayenda wapansi mpaka pakasitolo kena kamene anthu amalipira kuti agwiritse ntchito makompyuta. Anadikira pamzere pamodzi ndi ana ena a Fomu 6 amene ankathamangira tsiku lomaliza. Mnzake wina wa m'kalasi, Munyaradzi, anasuzumira pamene Tsungai ankalemba.

"Iwe, mapointi onse aja ukuwataya ku saikoloje? Bwanji osandibwereka ine ndikachite zamalamulo?"

Tsungai anapitiriza kulemba. Pamalo a chisankho choyamba analemba saikoloje. Pamalo achiwiri sanalembe kanthu. Anatumiza.

Anafika ku Mkoba dzuwa litapendeka. Galimoto ya a Babamukuru inali pageti. Pakhonde panali chikwama chachikulu chamizeremizere, zovala zake zili m'menemo, mabuku ake ataunjikidwa pamwamba. A Tete Ruramai anakhala pampando pafupi ndi chikwamacho, manja ali pachifuwa. Amayi ake ankamveka akulira m'nyumba.

A Babamukuru anatuluka n'kuima pakhomo.

"Wabwera, dokotala wa amisala? Za kukhoti tamva kale. Nanga kuyunivesite walemba chiyani?"

"Saikoloje, Babamukuru."

"Basi, wamaliza. Ife tinkafuna loya m'banja muno, tapeza mboni ya boma. Ndinakulera ngati wanga. Pamene ana anga ankadya buledi wopanda majarini, iwe unali ndi yunifolomu yatsopano. Lero wagulitsa magazi ako kwa mayi amene wamudziwa m'mawa uno. Kudzanai akamangidwa zaka zambiri, udziwe kuti loko wa chitseko chake wakhoma ndiwe. Nyumba ino ndi ya malemu mng'ono wanga, ndipo woyang'anira ndine. Simugona wopereka abale."

"Ndipite kuti?"

"Kafunse mayi wako watsopano uja. Mwina ali ndi bedi kwa odwala ake."

Tsungai anaitana amayi ake kawiri. Kulira m'nyumbamo kunaleka, koma sanatuluke.

"Ndinakuuza," anatero a Tete Ruramai motsitsa mawu. "Chilungamo chako chikufunditse bulangeti tsopano."

Tsungai anasenza chikwamacho, mabuku n'kuwakumbatira pachifuwa. Anthu oyandikana nawo anali atatuluka kale, ena akunamizira kuthirira masamba, ena kuanula zovala zosauma. Palibe anamuitana.

Atangotsegula geti, anaima. Kutsogolo kwake kunali Mai Sekai, duku lawo lakuda lili pamutu. Pambali pawo, atakolowekedwa pamkono wa amayi ake, panali Sekai. Anali atayenda kuchokera kutsidya kwa msika akukoka mwendo, ndipo thukuta linali kamukamu pankhope pake. Chichitikireni chiwembucho anali asanapondepo mumsewu umenewu.

A Babamukuru anatsika pakhonde msangamsanga. "Mayi, nkhani ili kukhoti. Kuno mukufuna chiyani?"

"Inu sindikukufunani," anayankha Mai Sekai. "Ngakhale uyu sindinamukhululukire kanthu. Koma ndakamba kunyumba zimene ndamva pamasitepe a khoti, ndipo mwana wangayu wakana kudya mpaka ndimubweretse." Anatembenukira kwa Tsungai. "Tula katunduyo pansi. Amachedwa kulankhula, ndiye udikire. Akuti pali chimene mchimwene wako ananena asanamumenye, ndipo apolisi sanadikire kuti amalize kuwauza. Akufuna akuuze iwe amene sunaname."

Tsungai anatula chikwamacho. Sekai anatsegula pakamwa n'kuyamba kulimbana ndi liwu loyamba.